Masikini, Mbawala ya ku Kwale

Chisomo ndi iwe Madalitso, mwakhala mukundifunsa kuti ku kwale kuja ndinkachitako chiyani zaka zonse zija pamene inu munkakula popanda ine. Pakamwa ndimalephera kufotokoza, mawu amandithera panjira. Ndiye ndati ndilembe, poti masiku ano nthawi ndili nayo yambiri kuposa mmene ndikuifunira. Za ubwana wanga ndazidumpha. Ndiyambira pomwe ndinayamba kuvala ovolosi.

Zaka za chigayo cha miyala

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili mnyamata wosakwatira, pa kampani ina yomwe inkaswa miyala yomangira msewu. Malo ake anali kuseri kwa kaphiri kena, kamtunda ndithu kuchokera pa Likhubula, ndipo aliyense ankangoti ku kwale. Ine anandiika pa lamba wa chigayo, kuchotsa miyala ikuluikulu isanatseke makina. Fumbi lake linali loyera ngati ufa, linkalowa m'makutu, m'mphuno, mpaka m'kamba wathu. Madzulo tikamatuluka pageti agalu a m'mudzi ankatiuwa, kutiyesa mizukwa. Kumeneko ndi komwe ndinadziwana ndi Che Jafali, Myao wa m'mudzi woyandikana ndi kwale, omwe ankaboola thanthwe kuti aikemo mabomba. Anali aakulu kwa ine, osalankhulalankhula, ndipo khutu lawo lakumanzere linafera pa ntchito imeneyo.

Tinakumba mpaka kaphiri kanatha mbali imodzi. Msewu utatha, kampani inapakira makina ake n'kupita. Inasiya dzenje lalikulu lomwe mvula inadzazamo madzi obiriwira, milu ya miyala yosafunika, migolo ya oyilo yokwiriridwa, ndi kanyumba ka njerwa komwe kalaliki wa sikelo ya malole ankakhalamo. Pamalopo sipankamera ngakhale chisoso. Ine ndinapita kukathyola tiyi ku esiteti, kenako kukanyamula katundu wa alendo okwera phiri, mpaka mawondo anayamba kudandaula. Pakati pa zaka zimenezo ndinakwatira amayi anu, a Esnati, n'kukakhala chikamwini kwawo ku Thuchila. Nonse awiri munabadwira kumeneko.

Chaka chomwe ndinabwerera

Tsiku lina Che Jafali anabwera pa njinga kudzandiuza kuti kwafika mayi wina wa bungwe loona zachilengedwe, ndipo akufuna anthu omwe ankagwira ntchito ku kwale kalelo. Anali mayi Kamwendo, aafupi, ovala nsapato zachimuna, olankhula mofulumira ngati pali wowathamangitsa. Tinawapeza ataima pamwamba pa mulu wa miyala. Anatiuza kuti agwirizana ndi boma komanso midzi yozungulira kuti malowo abwerere kukhala nkhalango, nyama zibwere, alendo azidzaona, ndipo anthu a m'deralo azipezapo kangachepe.

Ndinaseka, osati mwachipongwe, phwete linangondituluka. "Mayi, pano ndi mwala wokhawokha. Mtengo uika kuti muzu?"

"Abambo, dzenjeli anakumba ndani?"

"Ndife."

"Ndiye mukudziwa pomwe pali thanthwe lenileni ndi pomwe munkatayira dothi. Mukudziwanso pomwe munakwirira oyilo. Munakumba ndinu, mukwiriranso ndinu."

Anatilemba anthu ochepa. Anzanga onse anali a midzi yapafupi, ankaweruka n'kupita kwawo, koma pankafunika mmodzi wokhala pompo kuti aziyang'anira nazale ndi zida. Ntchito imeneyo anandipatsa ine, pamodzi ndi kanyumba ka sikelo kaja. Nditafika ku Thuchila ndinapeza amayi anu akusenda chinangwa pakhonde.

"Amake Chisomo, nyumba andipatsa. Ndi yaing'ono koma ndi ya malata. Tipite tonse."

"Mjigo ulipo?"

"Palibe."

"Sukulu?"

"Ili kutali."

"Ndiye ana azikamwa madzi a m'dzenje n'kumawerenga miyala? Nanga nandolo wangayu ndimusiyira yani? Inu pitani, abambo ake. Ife muzidzatipeza pompano."

Sanalakwe, ndipo sindinawatsutse. Ndinkabwera kumapeto kwa mwezi, kugona masiku awiri n'kubwerera. Iwe Madalitso unali wamng'ono, ndipo ulendo wina unabisala kumbuyo kwa chitenje cha amayi ako utandiona, ngati wabwera ndi wogula nkhuku.

Ntchito yake inali yothyola msana. Tinkakumba maenje ndi piki pakati pa miyala, n'kumathiramo dothi lomwe lole inkabweretsa, manyowa a mbuzi, ndi zinyalala za tiyi zomwe tinkakapempha ku fakitale. Tinayamba ndi udzu wa vetiva m'malo otsetsereka kuti dothilo lisakokoloke, kenako nsungwi ndi mthethe, pambuyo pake mbawa, mkuyu, ndi katope m'mphepete mwa madzi. Chaka choyamba mbande zambiri zinapsa. Mwala unkatentha moti masana ukapondapo unkamva kudzera m'gambutsi. Mayi Kamwendo ankayenda m'mizere akuzula zoumazo, osadandaula, n'kungoti, "Tibzalanso."

Koma chomwe chinandivuta si piki ayi. Dzuwa likapendeka anzanga ankatsuka makasu n'kumapita, mawu awo n'kumazilala kuseri kwa mulu. Ndinkatsala ndekha ndi dzenje. Malo aja ankabweza mawu: ukatsokomola, khoma la thanthwe linkatsokomolanso. Wailesi ndinali nayo, koma mabatire sankafika kumapeto kwa mwezi. Lamulungu ndiye linali lalitali kuposa masiku onse. Ndinkachapa ovolosi, kuphika kalongonda yemwe amayi anu ankandipatsira, kuthirira nazale kawiri ngakhale kamodzi kanali kokwanira, ukayang'ana dzuwa likadali pamutu. Nyengo ya chiperoni nkhungu inkatsika m'phiri n'kudzaza dzenje lonse, ndipo ndinkatha tsiku lathunthu osaona munthu, osaonanso ngakhale geti. Che Jafali okha ndi omwe ankandikumbukira. Lachisanu akatuluka ku mzikiti ankadzera kwa ine, n'kukhala pa njerwa atanditembenuzira khutu labwino. Nthawi zambiri sitinkalankhula kanthu. Akamanyamuka ankangoti, "Basi, takuonani," ndipo mawu amenewo ankandisunga sabata yonse.

Chaka chosowa mafuta

Mukukumbukira chaka chija magalimoto ankagona pa mizere m'mafilingi siteshoni. Lole yathu inaima, pampu yokokera madzi inaimanso. Mitengo inali itafika m'chiuno, ndipo chilimwe chinali chitayamba. Tinkatunga madzi m'dzenje ndi ndowa, n'kukwera nawo pamutu ndi pamapewa kupita pamwamba pa milu. Machubu obzaliramo mbande anatha, tinayamba kutola mapepala a shuga ndi mabotolo m'misika. Mayi Kamwendo ankabwera pa kabaza kuchokera pa boma, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, n'kusenza nawo ndowa. Bwana wotere sindinamuonenso.

M'chaka chomwecho nyama zinayamba kubwera. Woyamba anali nantchengwa, yemwe anamanga chisa chake chachikulu pa khoma la thanthwe pomwe Che Jafali ankaboola kale. Kenako ng'azi m'madzi, mbira m'ming'alu ya miyala, nkhanga, apusi, ndipo mmawa wina ndinapeza mapazi a gwape pa nazale, atandidyera mbande za nsangu. Ndinakwiya pang'ono, koma ndinathamanga mpaka pageti kufuna wouza. Panalibe munthu. Ndinadikira mpaka anzanga atafika.

Alendo oyamba anali ana a sukulu ndi aphunzitsi awo. Kenako magaidi a pa Likhubula, operekeza alendo m'phiri aja, anayamba kubweretsa anthu otsika m'phiri, omwe miyendo yatopa koma akufunabe poyenda pang'ono. Ndinasanduka wowayendetsa. Ndinkawaonetsa chithunzi chakale cha malowo ali mbee, kenako n'kuwauza kuti akweze maso. Ena ankafunsa ngati kuli mikango, ena ankangokhala chete m'mphepete mwa madzi. Ankafunsa dzina langa, kundijambula, kundigwira chanza, galimoto n'kunyamuka. Alendo akachoka, bata limalemera kuposa mmene linalili asanabwere.

Amayi anu anadwala mvula ili pafupi kugwa. Izi mukuzidziwa, munalipo, sindizilemba zambiri. Mayi Kamwendo anandimasula ndipo ndinakhala nawo kuchipatala mpaka tsiku lomaliza. Miyambo ya maliro itatha, akuchikazi anandisudzula mwaulemu, monga zimakhalira kwa mkamwini. Amalume anu anakutengani kupita nanu ku Limbe kuti mukapitirize sukulu. Palibe anandithamangitsa, koma mudzi uja sunalinso wanga. Kwathu kufupi ndi Muloza makolo anali atatha, kunatsala mlongo wanga yekha ndi banja lake. Ndinanyamula bulangete ndi mpando umodzi n'kubwerera ku kanyumba ka sikelo. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha ndinalibe kopita.

Chilimwe cha moto

Patapita zaka zingapo, mitengo itayamba kupereka mthunzi, osaka mbewa anatentha tchire kuseri kwa mpanda wathu. Tinalimbana nawo motowo ndi nthambi tsiku lonse ndipo sunalowe. Mmawa mwake ndinaona Che Jafali akukankha njinga, osakwera, pakaliyala atamangirira dengu lofunditsidwa chitenje.

"Akunyumba apeza ichi kumunda," anatero. "Make sitikumuona. Agalu akanachimaliza."

M'dengumo munali kamwana ka mbawala, kofiirira, ka madontho oyera m'mbali, miyendo ngati timitengo. Ubweya wa pamsana unali utawauka. Sikankalira, kankangonjenjemera.

"Ndiye ndikachite nako chiyani, Che Jafali?"

"A? Nenani mbali ino."

"Ndati ndikachite nako chiyani!"

"Inu muli nokha, iko kali kokha. Masikini awiri. Mkaka ndizibweretsa, mbuzi yanga yaswa."

Dzina linachokera pamenepo. Mayi Kamwendo anadziwitsa a zanyama zakutchire, ndipo analola kuti tikasunge poti malo athu anali otchingidwa. Koma anandichenjeza. "Abambo, kameneka ndi kamphongo. Musakazoloweze anthu kwambiri. Kakadzakula kadzavuta." Ndinavomera ndi mutu. Koma ndiuzeni, mwana womuyamwitsa ndi botolo la Fanta mungamuuze bwanji kuti asakuzolowereni?

Masikini anachira. Ankagona pa thumba pafupi ndi chitseko, ndipo mbandakucha ankandidzutsa pogunda mwendo wa bedi. Ndikamapita ku nazale anali pambuyo panga, ndikaima nayenso ankaima. Atasiya mkaka ankadya kholowa, masamba a nandolo, ndi nkhuyu zakugwa zomwe ndinkamutolera m'thumba la ovolosi. Ndinayambanso kulankhula mokweza. Ndinkamuuza za mbande, za mawondo anga, za inu, kuti Chisomo wakhoza mayeso, kuti Madalitso wayamba kumeta ndevu. Iye ankangotafuna akugwedeza makutu. Mwina muziseka, koma Lamulungu linafupika.

Alendo anamukonda kwambiri. Mbawala ndi nyama yamanyazi, ambiri amangoiona ikuthawa, koma uyu ankadya m'manja mwawo. Nthawi imeneyo mayi Kamwendo anawasamutsira kumpoto kukayamba ntchito ina. Anabwera kudzatsanzika, anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kuyang'ana Masikini nthawi yaitali. M'malo mwawo munabwera a Malunga, bwana wachinyamata wochokera ku Blantyre, munthu wabwino mtima, wa foni m'manja nthawi zonse. Bungwe linali litawauza kuti thandizo lakunja likutha, malo athuwo, omwe tsopano ankatchedwa paki, ayambe kudziimira paokha. Iwo anaika chithunzi cha Masikini pa chikwangwani cha pamsewu ndi pa intaneti. Loweruka magalimoto anayamba kudzaza pageti. Amayi a m'midzi anamanga timabenchi n'kumagulitsa zinanazi, nthochi, madengu ndi mandasi. Ine anandikweza kukhala kapitawo.

Chaka cha nyanga

Nyanga zinamera pang'onopang'ono, kenako zinatalika, zopotana, zakuthwa ngati zisongole. Khosi linanenepa, ubweya unada. Anayamba kugunda wilibala, kenako zitseko, kenako kuthamangitsa antchito. Ine sankandichita kanthu. Ndinawauza a Malunga kuti tisiye kulola alendo kumudyetsa, ndipo anavomera, tinayamba kumuonetsa patali.

Lachisanu lina masana Che Jafali anabwera monga mwa masiku onse, atanyamula mtolo wa kholowa. Ine ndinali kumunsi kwa dzenje ndi alendo. Ndinangomva kukuwa, thanthwe n'kubweza. Nditafika ndinawapeza ali pansi, mkanjo wawo woyera uli magazi okhaokha. Masikini anawadzera mbali ya khutu lakufa, sanamumve. Nyanga inalowa pantchafu. Iye anali ataima poteropo akudya kholowa uja, ngati palibe chachitika. Ndinamanga mwendowo ndi malaya anga, ndipo mlendo wina anawanyamula pa galimoto yake kupita nawo kuchipatala.

Tsiku lomwelo Masikini tinamutsekera m'khola la waya lomwe tinkasungiramo mbande. Sanadye. Ankayenda uku ndi uku m'mphepete mwa waya mpaka panapangika kanjira, n'kumagunda mpanda mpaka pamphumi panasupuka. Akandiona ankaima, n'kumandiyang'ana.

A zanyama zakutchire atabwera n'kuona, a Malunga anandiitanira pansi pa mkuyu. Nkhope yawo inali yotopa.

"A kapitawo, atipatsa njira ziwiri. Yoyamba, timange khola lolimba, adule nsonga za nyanga, akhale momwemo mpaka kufa kwake. Alendo azimuonabe, inunso muzimuona. Yachiwiri, amutenge apite naye kunkhalango yaikulu yotetezedwa kuchigwa cha Shire, komwe kuli mbawala zinzake ndipo alendo satsika m'galimoto. Koma anenetsa kuti mbawala yoleredwa ndi anthu mwina singapirire. Ikhoza kufa panjira, kapena ikafika."

"Inu mukuti bwanji, bwana?"

"Ine ndikayang'ana pageti paja, ndikuti khola. Sindikubisirani. Akachoka ameneyu alendo achepa, ndipo sindikudziwa ngati tonse tidzakhalebe pantchito. Koma ndakanika kulamula. Munamulera ndinu. Chomwe munene, ndisayina chomwecho."

Nkhani inafika pageti ine ndisanafikepo. Mayi Nasiyaya, omwe ankagulitsa zinanazi ndipo ankalera adzukulu amasiye, anandiimitsa. "A kapitawo, tamva. Mukaichotsa mbawalayo, ife tidya miyala? Azungu abwera kudzaona mitengo? Mitengo kwawo kulibe?" Zomwe ankanena zinali zoona.

Ndinapita kuchipatala kukaona Che Jafali. Anali atasokedwa, mwendo uli pa pilo, akazi awo atakhala pansi pambali pa bedi. Ndinazungulira kumbali ya khutu labwino n'kuwafotokozera zonse.

"Wadya?" anafunsa.

"Sakudya."

"Iye uja sanalakwe. Anandiyesa mphongo inzake. Sadziwa kuti iye ndi ndani, ife ndife ndani." Kenako anati, "Inu mwakhala m'kanyumba kaja zaka zingati?"

"Zambiri."

"Nanga mukufuna mnzanu akhalenso choncho?"

Ndinawatsanzika. Pobwerera ndinatsika minibasi patali n'kuyenda wapansi. Ndinkaganiza za mayi Nasiyaya ndi adzukulu awo, za anyamata omwe ndinkagwira nawo ntchito. Ndinkaganizanso za ine mwini, ndisaname. Khola likanamangidwa kuseri kwa kanyumba kanga, bwenzi mmawa uliwonse ndikumuona, bwenzi ndili ndi wolankhula naye. Koma nditafika ndinamupeza akuyendabe m'kanjira kake kaja, magazi atauma pamphumi, ntchentche zili ng'waa. Anali asanakwanitse ngakhale sabata. Ndinaganiza za zaka zomwe akanakhala momwemo.

Mmawa ndinawauza a Malunga kuti Masikini apite kunkhalango kuja. Anandiyang'ana, anapumira m'mwamba, n'kutulutsa foni.

Galimoto inabwera mmawa wina kukuzizira, itanyamula bokosi lalitali la matabwa, lokhala ndi chitseko kumbuyo ndi kachitseko kakang'ono kutsogolo. Anabwera dokotala wa nyama ndi dalaivala. Adokotala anati mbawala ikagwidwa mokakamiza imatha kufa ndi mantha okha, ndiye ndi bwino ilowe yokha, jekeseni yoziziritsa mtima adzaibaya ili kale mkati. Anatsitsa bokosilo n'kuliika pakhomo pa khola. Aliyense anabisala. Ndinadzaza nkhuyu m'thumba, ndinatsegula waya, n'kumuitana. Anabwera n'kununkhiza dzanja langa. Anadya nkhuyu imodzi, yoyamba chimutsekereni. Ndinawerama n'kulowa m'bokosi chokwawa, iye ali pambuyo panga, mpweya wake ukundifunda pakhosi. Sanakayike ngakhale pang'ono. Kulikonse komwe ndinkalowa iye ankalowa, kuyambira ali kamwana. Ndinathira nkhuyu zonse pansi, ndinatulukira pa kachitseko kakutsogolo, dalaivala n'kugwetsa chitseko chakumbuyo.

Masikini anagunda matabwa kamodzi, kawiri. Kenako zii. Pa mpata wa matabwa ndinkaona diso lake likundifunafuna. Adokotala anandifunsa ngati ndikufuna kukwera nawo mpaka kumsewu waukulu. Ndinakana. Ndinaima pageti mpaka fumbi litakhazikika, amayi a zinanazi ali kumbuyo kwanga, ndipo palibe anandiyang'ana.

Zomwe a Malunga ankaopa zinachitikadi. Alendo anachepa. Anyamata awiri anawaimitsa ntchito, mabenchi ena pageti anagwa osadzukanso. Mayi Nasiyaya anasamukira kumsewu waukulu, ndipo anatha nthawi yaitali osandiyankha moni. Che Jafali anatuluka m'chipatala akutsimphina, njinga anasiya kukwera, ndiye maulendo a Lachisanu anatha. Ine ndi amene ndinkapita kwawo ndikapeza mpata. Pakiyo sinatsekedwe. A Malunga analimbikira, anakonza tinjira ta okonda mbalame ndi malo ochitirapo mapikiniki, ndipo pang'onopang'ono masukulu ndi mipingo anayambanso kubwera. Koma sizinafikenso pa masiku a Loweruka aja. Za Masikini tinangomva kuti anafika wamoyo. Kupitirira apo, palibe ankadziwa. Kwa miyezi ndinkapezeka ndatola nkhuyu m'thumba, n'kuzikhuthula madzulo zitaphwanyika.

Nditapuma

Mawondo atakaniratu ndinapuma ntchito, ndipo mlongo wanga anandipatsa kamalo kuseri kwa nyumba yake kuno ku Muloza, komwe munandimangira kanyumba kano. Che Jafali anatisiya chaka chathachi. Ndinapita kumaliro, ndipo pobwerera sindinadzere ku kwale.

Mwezi wathawu ndinapita kumsika wa pachipata cha malire ndi Mozambique kukagula nsomba zouma. Ndinakhala pa benchi pafupi ndi pomwe anyamata a kabaza amadikirira anthu ochokera ku Milanje, kupumitsa miyendo. Bambo wina wonenepa, atanyamula zitenje zatsopano m'jumbo, anadutsa, anabwerera, n'kundiyang'anitsitsa.

"Madala, pepani. Si inu a mbawala aja? Munalowa m'bokosi aja?"

Anali dalaivala uja. Anati amagwira ntchito kunkhalango komwe anapita ndi Masikini, pano ali patchuthi, wabwera kudzagulira akazi ake zitenje za ku Mozambique. Anakhala pambali panga. Ndinkafuna kufunsa za Masikini, koma ndinayamba ndi za msewu, za mvula, za ana ake. Iye anaona.

"Mukufuna kumva za mbawala yanu."

"Ngati mukudziwa."

"Ilipo, madala. Titafika adokotala anaiika kachizindikiro pakhutu, ndiye timaidziwa. Poyamba inativutitsa. Inkabwera pa kampu ya asilikali a nkhalango, kuima pakhomo la khitchini, kutsatira aliyense wovala ovolosi. Inaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Tinkaithamangitsa ndi zitini, mawa yabweranso. Ena ankati imeneyi yatha. Kenako mvula itagwa inasowa. Tinati afisi adya. Patapita miyezi tinaiona kumtsinje, yonenepa, ili ndi yaikazi pambali. Chaka chino ndaionako kawiri."

"Imabwera mukaiitana?"

Anaseka. "Kubwera? Ikangomva fungo la munthu imauwa kamodzi n'kulowa m'tchire. Ngakhale ine amene ndinabwera nayo, imandithawa ngati ndine mlenje."

Ndinayang'ana pansi. Anyamata a kabaza ankakanganirana mayi wina wa thumba la mbatata, osintha ndalama akukuwa mbali inayo.

"Nanga ikanandiona ine?"

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akuganiza zondinamiza. Kenako anapukusa mutu. "Madala, ikanathawanso."

"Ndiye kuti yachira," ndinatero.

Anandigwira chanza n'kupita kukakwera minibasi. Mnyamata wina wa kabaza yemwe amandidziwa anabwera n'kuti, "Agogo, tiyeni ndikakusiyeni, miyendoyo sikufikitsani." Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti apite. Ndinayenda wapansi, pang'onopang'ono, nsomba zili m'manja, chifukwa sindinkafuna munthu wondilankhulitsa panjira.